Lipoti la ulendo wa ku Blantyre: maphunziro a kutsatsa malonda pa foni

A wapampando, a komiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu,

Ndabwerako kumene munandituma. Ndalemba lipotili ndisanapite n'kudoko komwe, chifukwa mphekesera zandipeza kale zoti ndinapita kukadya alawansi. Malisiti a minibasi, kuchoka pa Mangochi boma kudzera ku Liwonde ndi Zomba mpaka ku Limbe, ali ndi a msungichuma. Amene akukayika akawaone.

Tsiku loyamba linathera pa zolankhula za akuluakulu ndi phunziro la kusunga mabuku a ndalama, zomwe a mlembi amatikumbutsa mwezi ndi mwezi. Sindikutayitsani nazo nthawi.

Zenizeni zinali tsiku lachiwiri. Mphunzitsi anati aliyense atulutse chimene amagulitsa. Ine ndinali ndi kajumbo ka usipa wa ku Msaka komwe ndinatengera achemwali ku Ndirande. Ndinakajambula pamiyendo pomwepo, chithunzi chinatuluka chakuda bii, usipa ngati zinyalala. Mphunzitsi uja anati ndipukute kaye galasi la kamera ndi chitenje, ndithire usipawo m'mbale yoyera, ndipite nawo pawindo. Amayi inu, usipa womwewo unawala ngati wavuulidwa m'mawa womwewo. Ndinauika pa status ya WhatsApp, pansi pake n'kulemba mtengo ndi nambala. Tisanadye nkhomaliro, msuweni wanga wa ku Joni anali atafunsa kale ngati ndingawapititsire amayi ake ku Namwera ndowa imodzi, ndalama atumiza pa Mukuru.

Apa m'pamene maso anga anatseguka. Ife timaganiza kuti kasitomala wa pa foni ndi bwana wa ku Lilongwe. Koma ndi nyumba zingati kuno kwathu zopanda mwana kapena mwamuna ku Joni? Anthu amenewo amafuna kugulira makolo awo ndiwo, makamaka m'mwezi wa Ramadani ndi pa Idi, ndipo amaopa kutumiza ndalama m'manja mwa wachibale yemwe akadutsa nazo kwina. Msika umenewu pamsonkhano sanautchule n'komwe. Ndautola ndekha, ndipo ndikuti tiyambire pamenepo.

Chida chake ndi WhatsApp Business, yomwe ndi yaulere, umangofunika bandulo. Muli malo oika zithunzi za katundu ndi mitengo yake, kuti munthu asamafunse "zingati?" kakhumi pa tsiku. Mutha kulembamonso moni woti uziyankha wokha inu muli kudoko. Status imakhala maola 24 n'kufufutika, ndiye pamafunika kuika chatsopano tsiku lililonse. Palinso njira yotumizira uthenga umodzi kwa anthu okwana 256 nthawi imodzi, koma umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. N'chifukwa chake anatiuza kuti nambala izilembedwa pa thumba lililonse lotuluka m'manja mwathu. Ine ndinaonjeza zoti kwathu makasitomala ambiri amavutika kuwerenga, uthenga wa mawu m'Chichewa kapena m'Chiyao umayenda msanga, ndipo ena anawomba m'manja.

Tsono foni yoti tichitire zimenezi ili kuti? Tinasonkha tonse chaka chatha kugula foni ya gulu. Lero ukaimba akuyankha ndi mwana, kumbuyo kukumveka mafilimu. Nkhaniyi ndinaidzutsa kawiri pamsonkhano wathu, kawiri konse inakankhidwira ku "zina ndi zina" nthawi n'kutha. Sinditchula dzina, mwini wake akudziwa. Kasitomala akafunsa mtengo m'mawa n'kuyankhidwa mawa lake, wagula kale kwina.

Msonkhano wa ku Blantyre uja unamanga mfundo yoti gulu lililonse litsegule tsamba la Facebook ndi TikTok, ndipo lizipatula kangachepe kolipirira kuti uthenga ufike kwa anthu ambiri. Ine dzanja sindinakweze. Kulipira kumeneko kumafuna khadi la kubanki lotha kugula zinthu kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chowerengera dola chimatipweteka. Anyamata a ku Blantyre amene ankalimbikira mfundoyi amagulitsa nsapato ndi mafoni, katundu wosaola. Ife tikakopa anthu mazanamazana lero, mawa mwera n'kuwomba, asodzi osalowa panyanja, tidzawapatsa chiyani? Tsamba la Facebook titsegule, n'laulere, koma ndalama ya gulu isapiteko. Ikapezeka yapadera, bola chilengezo pa wailesi ya Dzimwe kapena Lilanguka, zomwe agogo amamvera akusenda chinangwa.

Anzathu a ziboliboli ndi madengu ku Chembe, inu yanu ndi Google Maps. Kulembetsa malo ndi kwaulere, ndipo alendo opita ku Cape Maclear amafufuza pamenepo asananyamuke ku Monkey Bay. Ndili ndi pepala lofotokoza kalembetsedwe kake, mubwere mudzajambule.

Panali phunziro lina la mitundu ndi zizindikiro za bizinesi. Linali la masana, kunja kukutentha, ndipo theka la holo linkawodzera.

Za akuba ndinatchera khutu, poti ena mwa ife analirapo. Munthu amakutumizira uthenga wooneka ngati wa Mpamba kapena Airtel Money, amvekere ndalipira, kwezani katundu pa basi. Musakweze musanaone ndalamayo nokha: *444# ku Mpamba, *211# ku Airtel Money. Nambala yachinsinsi musapatse munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku ofesi ya kampani.

Mphunzitsi ananenanso kuti chimene chili pa chithunzi chikhale chomwecho chofika m'manja mwa wogula. Pamenepo ndinagwa nkhope, chifukwa ndinakumbuka mayi wa ku Area 25 uja amene anatibwezera matumba awiri. Pamwamba panali usipa wa pathandala, pansi wa pamchenga. Amene anasakaniza sanalipe kanthu, tinagawana chitayiko tonse, ngakhale ife amene timayanika bwino. Pa WhatsApp zoterezi sizibisika, wogula amajambula mchengawo n'kutumiza ku gulu la mpingo wake madzulo omwewo. Ndowa zathunso n'zosiyana, ina yophwanyika m'mbali, ina yodulidwa kukamwa. Tidzalemba bwanji mtengo umodzi?

Choncho a wapampando, ndikupempha kuti Loweruka likudzali nkhani ya foni ikhale yoyamba, isapitenso ku "zina ndi zina". Foniyo ibwere pamsonkhano ndi chaja yake, tisankhe anthu awiri oisunga mosinthana, ndipo aliyense abwere ndi ndowa yake tiyeze. Ya msuweni wanga ku Namwera ndatumiza kale dzulo, ya pathandala yokhayokha, ndipo gawo la gulu ndapereka kwa a msungichuma pamodzi ndi malisiti aja.