Odwala bipolar tikufuna pokumana m'dera lathu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule kudzera m'nyuzipepala yanu za nkhani imene yandisowetsa tulo kuchokera pamene namwino wina anandifunsa ngati ndingalowe nawo gulu la anthu odwala matenda amene ndimadwala ine, amene madokotala amawatcha bipolar.

Kwa amene sanawamvepo, matendawa ndi a maganizo, ndipo amam'kweza munthu kenaka n'kum'gwetsa. Atandiyamba ine, ndinatha masabata awiri ndikugona maola awiri okha usiku koma osatopa, ndikulankhula mosapumira, ndipo ndinakongola ndalama ku banki m'khonde, n'kuwonjezera za katapila, n'kugula matumba a simenti oti ndimangire sukulu pamalo amene sanali anga n'komwe. Simentiyo inanyowa ndi mvula, inauma gwa, ndipo ikadali pakhonde mpaka lero. Pambuyo pake ndinakhala miyezi itatu ndili chigonere m'chipinda, nsima ikuzizirira m'mbale, ngakhale kusamba kukundikanika. Achibale anayamba apita nane kwa asing'anga, ndipo kuchipatala tinafika ngongole itakula kale.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni anali ndi matendawa, koma ine kuno kwathu sindidziwa ngakhale mmodzi woti ndingakhale naye pansi n'kufunsana za mmene tikukhalira. Ndikudziwa kuti alipo, chifukwa timaonana pabenchi tsiku lolandira mankhwala, aliyense atabisa kabuku kake ka kuchipatala, osapatsana ngakhale moni.

Komabe sindinavomere msanga pempho la namwino uja, ndipo chimene chinandibweza ndi mantha. Kumudzi nkhani sichedwa kufala, ndipo munthu akangodziwika kuti amamwa mankhwala a maganizo, amasanduka "wa ku Zomba", ana amamuloza zala, pabwalo mawu ake salemeranso, ndipo amene amafuna kum'patsa ntchito amasintha maganizo. Ndinaopanso kuti pagulupo pangapezeke wina amene wapeza bwino n'kuyamba kuuza anzake kuti asiye mankhwala, pamene ine ndinasiyapo kamodzi ndipo ndikudziwa kumene zinandifikitsa.

Chimene chandilimbitsa mtima ndi zimene tinaona ndi maso athu boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Anthu amene ankanyozedwa koposa anayamba kukumana m'magulu, kukumbutsana za mankhwala ndi kuyenderana wina akadwala, mpaka manyazi anayamba kuchepa. Ifenso tili ndi zambiri zoti tiuzane zimene dokotala sangathe kufotokoza odwala ena ali pamzere panja. Womwa mankhwala a matendawa otchedwa lithium ayenera kuyezetsa magazi kawirikawiri kuti impso zake zionedwe. Mayi womwa sodium valproate ayenera kukambirana ndi achipatala asanatenge pathupi, popeza mankhwalawa amatha kuvulaza mwana wosabadwa. Ndipo mnzako amene anadutsamo amazindikira msanga kuti kusowa tulo kwa masiku atatu, munthu akusangalala mopitirira muyeso, si chizindikiro cha kuchira ayi, ndi matenda akubwerera.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a zaumoyo m'maboma, kwa a St John of God amene ali ndi luso pa ntchitoyi ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso kwa bungwe la odwala ndi owasamalira la MeHUCA, kuti atithandize kukhazikitsa magulu otere kufupi ndi kumene tikukhala. Gululo lizikumana tsiku lomwelo la mankhwala kuti munthu asalipire galimoto kawiri, m'chipinda chotseka osati pansi pa mtengo pamene aliyense wodutsa angatiwerenge, ndipo pazikhala wachipatala mmodzi wowongola zolankhula zathu zikasokera. Otisamalira nawonso apatsidwe nthawi yawoyawo, chifukwa mkazi wanga ali ndi zambiri zimene sanganene ine ndili pomwepo.

Namwino uja ndamuyankha kuti ndidzabwera mwezi wamawa, ndipo bambo amene timakhala naye pabenchi ndinam'patsa moni sabata yatha. Anayamba wayang'ana uku ndi uku, kenaka anayankha.

Wowerenga wanu,
Dedza