Kwa eni sitolo ya zamagetsi m'tauni ya Zomba: 200W ija ili kuti?

Abwana, ndikulemba pano poyera chifukwa pa WhatsApp mukungowerenga osayankha, ndipo mnyamata wanu wa pakauntala akuti nkhani yobweza ndalama ya amplifaya imene ndinagula kwa inu iye alibe nayo mphamvu. Ndiye ndiyankhule ndi inu eni ake. Dzina la sitolo sinditchula, mukudzidziwa, ndipo risiti ya chidindo chanu ndili nayo.

Chimene ndinabwerera kwa inu chinali chapafupi. Ndili ndi masipika awiri akale a bokosi la matabwa, otsala pa wailesi ya malemu bambo anga imene inapsa kalekale. Kumbuyo kwake kunalembedwa 8 ohms, 40W. Mkati mwake mulibe amplifaya, chipangizo chokweza mphamvu ya mawu, ndiye sungangowalumikiza ku laputopu n'kumayembekezera kuti alira, pakuti kabowo ka mahedifoni ka 3.5mm kamatulutsa mphamvu yongokwanira timasipika ta m'makutu. Ndimafuna kaamplifaya kakang'ono kokhala pathebulo, waya wochokera ku laputopu n'kulowamo, mawaya a masipika n'kutuluka, basi. Si za ukwati kapena chinkhoswe ayi, n'zomvera nyimbo pabalaza ndiponso kuti ana azimva bwino maphunziro a pa YouTube.

Ndinajambula kumbuyo kwa sipika n'kumuonetsa mnyamata wanu pafoni. Sanayang'ane n'komwe. Anangotsitsa katoni pashelefu, chala pa nambala yaikulu yofiira: "Madala, iyi ndi 200 watts, masipika anuwo achita kupempha chifundo." Anaiyesa pa Bluetooth ndi kasipika kamodzi ka m'galimoto, m'sitolo mmene nyimbo zina zinali kale pamwamba, n'kunena kuti mwamva nokha. Ndinalipira pa Mpamba n'kukwera kabaza wa ku Matawale.

Kunyumba, voliyumu ikakhala pansi imalira bwinobwino. Ukangopitirira theka, mawu amasasa ngati munthu wa chimfine, ndipo ng'oma ya besi ikagunda kanyali kabuluu kamaphethira, nyimbo n'kuduka, kenako n'kubwerera yokha. Kwaya ikakweza mawu onse pamodzi sungamve kuti soprano ili kuti, alto ili kuti.

Chifukwa chake chalembedwa pa adapta yomwe munaika m'katonimo: 12V, 2A. Masamu ake ndi a mwana wa sekondale. Ma volt kuchulukitsa ndi ma amp, 12 kuchulukitsa ndi 2, yankho 24W. Ndiyo mphamvu yonse imene ikulowa m'kabokosiko, ndipo masipika awiri ayenera kugawana yomweyo. Amplifaya sipanga magetsi akeake, imangogwiritsa ntchito amene yapatsidwa. Ngakhale za mtundu wa Class D, zimene sizitaya mphamvu yambiri pa kutentha, sizingatulutse zoposa zimene zalowa. Komanso pa 12V, sipika ya 8 ohms singalandire zoposa pafupifupi 9W mawu asanayambe kuwonongeka. Nanga 200W mwaitenga kuti?

Ndinaipeza. Pansi pa nambala yofiira ija pali tizilembo tating'ono tofunika magalasi: PMPO. Iyi ndi nambala ya otsatsa malonda, ilibe muyeso umodzi wogwirizana, fakitale iliyonse imalemba mmene yafunira. Nambala yoona, imene amplifaya ingapereke mosalekeza, imalembedwa RMS, pamodzi ndi ma ohms amene anayesera. Pakatoni yanu mawu akuti RMS palibe paliponse. Inu mwagulitsa zamagetsi zaka zambiri mu Zomba muno, musandiuze kuti kusiyana kumeneku simukukudziwa.

Nditabwerera kusitolo ndinauzidwa zinthu ziwiri. Choyamba, akuti masipika anga ndi otha. Ndinawakweza pa kabaza n'kupita nawo kwa bambo wina wokonza mawailesi pafupi ndi msika waukulu, amene anawalumikiza ku amplifaya yake yakale. Analira mpaka amayi ogulitsa tomato anatembenuka. Masipika ali bwino. Bamboyo anandichenjezanso kuti ndisiye kukakamiza kaamplifaya kanuko, chifukwa amplifaya yofooka ikamakwezedwa mpaka kusasa mawu imatha kuwotcha kasipika kakang'ono kapamwamba kaja, ka twita. Anthu ambiri amaopa amplifaya yaikulu, chonsecho yaing'ono yokakamizidwa imawononganso.

Chachiwiri n'chimene chandikwiyitsa zedi. Mnyamata wanu anati vuto ndi adapta, ndigule ina ya 24V, ndalama inanso pamwamba, ndipo anaitulutsa kale m'kabati. Pa tsamba lanu la Facebook munalembadi kuti amplifayayi ndi ya TPA3116 ndipo imalandira 12V mpaka 24V. Tchipu (kachipangizo ka mkati kamene kamakweza mawu) ya dzina limeneli ilipodi, imapangidwa ndi Texas Instruments, ndipo ndi yabwino: imalandira mpaka 26V, n'kupereka 50W mbali iliyonse pa sipika ya 4 ohms ikapatsidwa magetsi okwanira. Pa masipika anga a 8 ohms ikanandipatsa pafupifupi 30W mbali iliyonse pa 24V, zomwe n'zokwanira pabalaza langa mpaka aneba kudandaula. Taonani kuti ngakhale opanga ake sanena za 200W.

Koma bambo wokonza mawailesi uja atamasula tizitsulo tinayi ta chivundikiro (panalibe chomata chilichonse choletsa kutsegula, musathamangire kumeneko), anandiitana kuti ndione ndekha. Makapasita (tizipangizo tosunga magetsi kwa kanthawi) awiri aakulu a pamene magetsi amalowera alembedwa 16V m'mbali mwake, zilembo zoyera zooneka bwino. Anandibwereka galasi lake lokuzira zinthu, ndinawerenga, ndipo ndinajambula. Kapasita ya 16V ukaipatsa 24V imatupa, imatha kuphulika n'kutulutsa utsi. Ndiye kuti ndikanamvera malangizo a m'sitolo mwanu, ndikanalipira ndalama ina kuti ndikawotche chinthu pathebulo pamene ana amalembera homuweki, pafupi ndi laputopu ya kuntchito. Kenako mukanati chiyani? Kuti ndalumikiza molakwika?

Za mkokomo wa "huuu" umene umamveka laputopu ikakhala pa chaja sindikukuimbani mlandu. Umenewo umachokera pa kalumikizidwe ka mawaya ndi magetsi a m'nyumba, ndipo ndikazula chaja umatha. Koma pulagi ya adapta yanu ndi ya mano awiri ozungulira, pamene masoketi athu kuno ndi a mano atatu. Mukufuna tizitokosa soketi ndi chivundikiro cha bolopeni mpaka liti? Kachipangizo kosinthira pulagi mumagulitsa padera, ndinakaona pashelefu.

Si ine ndekha amene ndikugula zimenezi. Ana a ku Chanco okhala ku Chikanda amadzaza m'sitolo mwanu semesita ikayamba, ndalama ya upkeep ili m'thumba, aliyense akufuna nyimbo m'chipinda. Anzanga, musanalipire tembenuzani sipika yanu muone ma ohms, ndipo muuze wogulitsa atulutse adapta m'katoni muwerenge nokha ma volt ndi ma amp ake. Akakana kutsegula katoni, tulukani. Amplifaya yolembedwa 30W RMS yokhala ndi adapta yolemera ya 24V iposa kutali ya "200W" yokhala ndi kaadapta kopepuka. Onetsetsaninso kuti kumbuyo kuli polowetsa waya, RCA kapena 3.5mm, chifukwa Bluetooth nthawi zina imachedwetsa mawu, ukamaonera vidiyo pakamwa pa munthu n'kumatsogola mawu akubwera m'mbuyo.

Tsopano abwana, chikwangwani chanu chija cha pamwamba pa kauntala chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa ndachiwerenga. Chimenecho si lamulo la dziko lino. Katundu amene sakuchita zimene wogulitsa ananena ndi nkhani imene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ake, ndipo kalata yanga ndalemba kale, zithunzi za katoni, za adapta, za makapasita ndi za positi yanu zili momwemo. Sindinaitumize chifukwa tonse ndife a mu Zomba momwemuno, timakumana kumaliro ndi kutchalitchi.

Ndikufuna ndalama yanga yonse, osati kusinthitsa ndi katoni ina ya pashelefu yomweyo. Loweruka m'mawa ndibweretsa amplifaya, adapta ndi katoni yake, mudzapezeke. Positi ya pa Facebook ija muikonze, muchotse 200W ndi 24V. Ndipo amene mwawagulitsa kale adapta ya 24V pamodzi ndi amplifaya imeneyi, manambala awo muli nawo m'buku la malonda lija, aimbireni foni lero asanailumikize.