Asilikali apamadzi aphunzire pa ndalama za boma, abweze ndi zaka za ntchito

Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa za maphunziro a asilikali apamadzi. Ambiri tikamva kuti boma likulipirira munthu sukulu yaukachenjede timaganiza kuti ndi mphatso. Ku United States sakuona choncho, ndipo njira yawo ndi yoti tiitolepo nzeru.

Mumzinda wa Annapolis, m'chigawo cha Maryland, muli sukulu ya asilikali apamadzi ya United States Naval Academy yomwe inatsegulidwa mu 1845. Mnyamata kapena mtsikana akasankhidwa salipira kanthu. Fizi, chakudya, pogona ndi chipatala zonse ndi za boma, ndipo mwezi ukatha amalandirako kangachepe. Pakatha zaka 4 amatuluka ndi digiri ya sayansi n'kukhala ofesala. Jimmy Carter anamaliza kumeneko mu 1946, n'kukagwira ntchito m'sitima zoyenda pansi pa nyanja kalekale asanakhale pulezidenti.

Komatu boma silitaya ndalamazo m'madzi. Womaliza aliyense amatumikira zaka zosachepera 5, ndipo amene waphunzitsidwa kuyendetsa ndege zaka zake zimachuluka. Poyamba chaka chachitatu wophunzira amasaina mgwirizano. Akasiya pambuyo pake, angathe kuuzidwa kuti abweze ndalama kapena akatumikire ngati msilikali wamba. Anthu okhoma misonkho amadziwa kuti chimene alipira chibwerera kwa iwo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti amene analowa usilikali wopanda digiri sanaiwalike. Pali ndondomeko yotchedwa Seaman to Admiral-21 yomwe imatumiza msilikali wamba ku yunivesite akulandirabe malipiro ake onse, ndipo boma limawonjezera mpaka madola 10,000 pachaka a fizi ndi mabuku. Munthu amene wakhala akukonza injini ndi manja ake amakalowa m'kalasi akudziwa kale chimene akufunako.

Kwathu kuno tili nawo asilikali apamadzi ku Monkey Bay. Ndi iwo amene timawadalira mwera ukagubuduza bwato la asodzi, komanso madzi akasefukira monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Ntchito yotere siitheka ndi mphamvu ndi kulimba mtima kokha. Imafuna munthu wodziwa injini, zamagetsi, makina olondolera njira panyanja ndi kuwerenga nyengo. Ofesala amene akulondera kumpoto kwa nyanja ayeneranso kudziwa bwino mgwirizano wa 1890 wa pakati pa Britain ndi Germany, umene Malawi amaimapo pa mkangano wa malire ndi Tanzania. Zimenezi siziphunziridwa pa perete.

Ena adzati ndalama kulibe, ana a anthu wamba akuvutika kale kupeza ngongole ya fizi. N'zoona, ndipo sindikupempha kuti timange Annapolis yathu m'mphepete mwa nyanja. Sukulu zilipo kale. Yunivesite ya MUBAS imaphunzitsa uinjiniya, ya MUST imaphunzitsa za nyengo, Mzuzu University ili ndi maphunziro a za nsomba ndi a chitetezo. Chofunika ndi malo ochepa chaka chilichonse, olipiriridwa ndi boma, ndi pangano lolembedwa la zaka zoti munthu atumikire akamaliza. Tisaiwalenso kuti asilikaliwa nawonso ndi ana a anthu wamba, ena analowa usilikali chifukwa makolo analephera kuwapititsa patsogolo.

Pempho langa kwa a Unduna wa za Chitetezo ndi aphungu a komiti yoona za chitetezo n'lakuti nkhaniyi ilowe mu bajeti. Posankha pakhale mayeso oonekera kwa onse, osati kuyang'ana kuti uyu ndi mwana wa ndani, ndipo theka la malowo lipite kwa asilikali wamba amene ali kale pantchito.

Wowerenga wanu,
ku Mangochi