Mbaula ya ma pellet kapena ya chimanga? Tiwerengere kaye tisanagule

Akonzi,

Ndipatseniko kampata mu nyuzi yanuyi ndiyankhulepo pa nkhani yomwe imavuta m'magulu athu a pa WhatsApp, ife a Malawi okhala ku America chigawo chapakati chino, Indiana, Michigan, Iowa mpaka Minnesota uko. Chaka chilichonse ikamafika October anthu amene angogula nyumba amafunsa zomwezomwezo, eti ndigule mbaula yanji yotenthetsera m'nyumba, ya ma pellet kapena yoyaka chimanga? Nde wina akangoponya kavidiyo ka mlimi akukhuthulira ndowa ya chimanga m'mbaula basi abale akumudzi amayamba kulalata kuti anthu inu mwakhuta eti, mukuwotcha chakudya ife tikugona ndi njala, nkhani nkuthera pomwepo wofunsa uja osathandizidwa. Ine ndimakhala ku South Bend komwe chipale chochokera ku Lake Michigan chimatikwirira chaka ndi chaka, kwanga ndimawotha ya ma pellet, ya chimanga ndimaidziwa kwa mnzanga wakuntchito amene ali ndi kafamu kunja kwa tawuni. Maganizo anga ndi oti ya chimanga ndi ya alimi ndi oyandikana ndi alimi, ife a m'tawuni tisakopeke ndi mtengo womwe timauona pa intaneti.

Kwa amene simunaionepo, mbaula zonse ziwirizi kunja zimafanana. Ndi chibokosi chachitsulo cha galasi kutsogolo, kumbuyo kuli nkhokwe yake yothiramo zoyatsira, nde muli chitsulo chopotana chomwe amati auger, chimazungulira pang'onopang'ono kumagwetsera tizoyatsira m'kamphika kamoto. Fani imodzi imakoka utsi kutulutsa panja, ina imauzira mpweya wotentha m'chipinda. Ma pellet ndi utuchi wa matabwa wopanikizidwa ndi makina kukhala timitengo tating'ono, amagulitsa m'matumba a mapaundi 40, pafupifupi makilo 18, matumba 50 ndiye tani imodzi ya kuno. Kukazizira zenizeni, monga kumapeto kwa January 2019 pomwe kunatsika kupitirira -25°C, thumba limodzi pa tsiku silikwana nkomwe.

Tsopano masamu ake, poti apa mpomwe anthu amapusitsika. Chimanga kuno amayeza pa bushel, yomwe ndi mapaundi 56, makilo 25 ndi kanthu. Paundi ya chimanga chouma bwino imatulutsa kutentha pafupifupi ma BTU 7,000 (BTU ndi muyezo wa kutentha kuno) pomwe ya ma pellet imafika cha m'ma 8,000, ndiye kuti ufanane ndi tani imodzi ya ma pellet ukufunika ma bushel ngati 40 a chimanga. Ingotengani mtengo wa bushel muchulukitse ndi 40, yankholo muyerekeze ndi mtengo wa tani ya ma pellet kwanuko, basi mwadziwa chotchipa. Mu 2005 bushel inali pa madola awiri okha, kutanthauza madola 80 kutentha kwa tani yonse, komanso chaka chomwecho gasi anakwera mtengo itadutsa mphepo yamkuntho ya Katrina, nde mbaula za chimanga zinagulidwa ngati kulibe mawa. Sizinakhalitse. Boma la America linakakamiza zothira ethanol mu petulo ndi lamulo la 2005 lomwe analikulitsa mu 2007, chimanga chinayamba kulimbiranidwa, mu 2008 bushel inadutsa madola 7, chilala cha 2012 chinaifikitsa kupyola 8. Chulukitsani nokha ndi 40 muone. Anthu ambiri amene anagula mbaula zoyaka chimanga chokhachokha anangozikankhira m'galaja, mpaka pano mumazipeza pa Facebook Marketplace pa mtengo wozizira ndipo mpomwe abale athu amaziona nkumati ndapeza dilu.

Zaka zaposachedwazi chimanga chatsikanso, cha m'ma dola 4 kapena 5 pa bushel, ndiye papepala chikuwina ndithu, madola 160 mpaka 200 poyerekeza ndi ma pellet omwe ine ndimagula madola 6 kapena 7 pa thumba, tani nkukwana 300 kapena kuposerapo. Koma mtengo umenewo ndi wa mlimi akamagulitsa thiraki yathunthu. Iwe wa m'tawuni ulibe ngolo, ulibe nkhokwe, ukagula cha m'matumba a mapaundi 50 ku shopu ya zakudya za ziweto komwe thumba limodzi limatha kudutsa madola 10, ndipo ukufunika matumba ngati 45 kuti ufanane ndi tani ija. Phindu lonse lathera pamenepo, wagulanso modula kuposa ma pellet. Mnzanga uja zimamuyendera chifukwa amangotapa m'nkhokwe yake, transipoti ziro. Ku Takoma Park ku Maryland anthu a m'tawuni anachita kupanga kagulu nkuimika nkhokwe yawo imodzi kuti azigula chambiri pamodzi, apo bii sizikanatheka.

Nanga ntchito yake. Ma pellet abwino, olembedwa premium pa thumba, phulusa lake silifika 1 peresenti, ukapala kamphika kaja, nkutaya phulusa kamodzi pa sabata kaya kupitirira, zatha. Chimanga ndi china, chili ndi sitachi ndi shuga, chikamayaka chimasungunuka nkugwirana kukhala chibuluma cholimba chomwe amati clinker, chili ngati nkhoko za mumphika wa nsima womwe waiwalika pamoto. Chibulumacho chikakula chimatseka mabowo a mpweya moto nkuzima usiku uli mtulo, ndiye umayenera kuchichotsa pafupifupi tsiku lililonse. Ena amasakanizako zigoba za nkhono zoperapera zija amapatsa nkhuku zoikira kuti chibulumacho chizifewa. Kuyatsa kwake nakonso chimanga nchouma mutu, sichigwira moto msanga ngati utuchi, mbaula zambiri za chimanga umayamba wayatsa ma pellet odzaza dzanja ndi jelo kenako chimanga chizibwera moto utakolera, pomwe ya ma pellet umangodina batani kapena kuisiyira thermostat iziyaka ndi kuzima yokha. Ndipo ayi, sichiphulika kukhala mbuliwuli, funso limeneli ndatopa nalo, ndi mtundu wina wa chimanga umenewo. Kafungo kokha panja kamakhala kabwino, ka chimanga chootcha.

Chinyezi nacho ndi nkhani. Chimanga chiyenera kukhala pansi pa 15 peresenti, chikatsika cha m'ma 12 kapena 13 ndiye bwino kwambiri, chonyowa chimangofuka nkumazima komanso chimachita nkhungu m'nkhokwe. Chiyeneranso kupetedwa, tizidutswa ta zitsononkho ndi mapesi timakakamira mu auger, fumbi lake limatseka njira. Ife a Malawi zopeta ndi zosunga chimanga palibe angatiphunzitse, tikudziwanso alendo amene chimaitana, makoswe ndi anankafumbwe, nde taganizani matumba a chimanga ali m'chipinda chapansi cha nyumba yamatabwa miyezi isanu. Ma pellet khoswe alibe nawo ntchito, mdani wake ndi madzi basi, akanyowa amafufuma nkubwerera kukhala utuchi. Chinanso chofunika kwambiri, chimanga cha mbewu chopakidwa mankhwala chija, chamtundu wofiira kapena wobiriwira monga timagula kwathu nthawi yodzala, osayerekeza kuchiwotcha olo wina akupatseni chaulere, utsi wake ndi poizoni.

Chomwe ogulitsa zakale pa intaneti sakuuzani ndi paipi ya utsi. Utsi wa chimanga uli ndi asidi, umadya chitsulo, paipi wamba ya ma pellet imabooka ndi dzimbiri msanga. Pamafunika paipi yolembedwa kuti ndi ya chimanga kapena multi-fuel (yoyaka zosiyanasiyana), mkati mwake mwa chitsulo cholimba chomwe amati AL29-4C, ndipo ndi yodula. Nyengo yozizira ikatha uyenera kukokolola chimanga chonse ndi phulusa lonse, ukasiya mpaka chilimwe mbaula imadyeka ili chikhalire.

Pa mitundu yake, ndinene zomwe zimasiyanitsa osati kutsatsa malonda a munthu. Pali zogwetsa kuchokera pamwamba monga za Quadra-Fire, izi zimafuna ma pellet aukhondo chifukwa phulusa limatsalira m'kamphika momwemo. Pali zokankha kuchokera pansi, apa odziwika ndi a Harman ndi ma P43, P61, P68 awo, zatsopano zikamalowa zimakankhira phulusa kutsogolo nkugwera m'kabati yake, ndiye sizisankha kwambiri ma pellet, kungoti mtengo wake umaluma. Englander ndi yotchipirapo ndipo masipeya ake savuta kupeza, yabwino kwa munthu wosaopa sipanala. Ku mbali ya chimanga kuli St. Croix Auburn yomwe imalola chibuluma chija chipangike kenako iwe nkuchigwetsera pansi moto usanazime, kulinso za kachitsulo kotakasa m'kamphika kuti chibuluma chisagwirane, monga Magnum Countryside ya ku Hutchinson ku Minnesota, US Stove 6041 ndi Harman PC45. Kotakasako kamathandiza koma ndi mota ina yowonjezera yoti tsiku lina idzafuna kusintha. Bixby inali yotchuka nthawi ya chimanga chotchipa ija koma kampani yake inatseka, ndiye musanagule yakale iliyonse yambani mwafufuza ngati bodi yake ya magetsi ndi ma mota akupezekabe.

Lamulo losavuta ndi ili, mbaula ya chimanga nthawi zambiri imayatsanso ma pellet, koma ya ma pellet siyatsa chimanga chokhachokha. Zina buku lake limalola kusakaniza pang'ono, zina mpaka theka, zina limakaniratu ndipo ukachita makani waranti yapita. Ndiye ngati muli kumudzi kwa kuno, neba wanu ndi mlimi ndipo msana ulipo wonyamula ndowa, gulani ya multi-fuel kuti chimanga chikakwera muthawire ku ma pellet. Ngati muli m'tawuni ndipo mumagwira ma shifiti a maola 12 ngati ambiri a ife, ma pellet basi. Ndipotu ngati nyumba yanu ili kale ndi gasi wa m'mapaipi, werengerani kawiri, nthawi zambiri gasi ameneyo amatchipa kuposa zonse ziwirizi, mbaulazi zimapulumutsa kwambiri amene amatenthetsa ndi propane (gasi wa m'mathanki), mafuta kapena mahita a magetsi.

Abale ena kwathu amafunsa kuti bwanji tisatumize zoterezi ku Dedza kapena ku Mzuzu komwe June ndi July amaluma. Sizingathandize, zonse ziwiri popanda magetsi ndi chitsulo chabe, auger ndi mafani zikaima moto umazima ndipo utsi utha kubwerera m'nyumba. Olo kuno anthu amaika batire kapena kajenereta pambali chifukwa chipale chimagwetsa mawaya nthawi yomwe ukufunitsitsa moto.

Za kuwotcha chakudya zija sindizipeputsa. Ma bushel 40 ndi matumba 20 a makilo 50, ndipo nyumba yapakatikati imatha matani awiri kapena atatu a ma pellet nyengo imodzi, ndiye pa chimanga ndi matumba 40 mpaka 60 kulowa pamoto. Munthu wokulira pa nsima ukamva choncho mtima umachita kuti phaa, makamaka ukakumbukira 2024 pomwe boma la Malawi linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Ineyo nchifukwa china sindinaikepo mtima pa ya chimanga, manja amakana. Koma tisanamizane kuti mlimi wa ku Indiana akasiya kuwotcha ndiye chifika ku Nsanje. Ndi chimanga chachikasu cha ziweto, ndipo chopitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga chonse cha America chimapita ku ethanol, kutanthauza kuti aliyense wa ife akamwetsa galimoto kuno akuwotcha chimanga kale, petulo wamba amakhala ndi 10 peresenti. Za m'mbaulazi ndi kadontho chabe. Amene akufuna kukalipa akalipire pamenepo, ndipo ine ndikhala nawo mbali imodzi.

Amene mwatsimikiza kugula nyengo ino, imbirani kaye a inshulansi ya nyumba yanu muwauze, funsaninso ku ofesi ya tawuni ngati pakufunika pemiti, chifukwa moto ukabuka iwo asakudziwa za mbaulayo atha kukana kulipira. Ikani alamu ya carbon monoxide pafupi ndi zipinda zogona, mpweya womwewo umapha anthu kwathu akagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Ma pellet gulani thumba limodzi kapena awiri muyese kaye musanaitanitse tani yonse, amasiyana kwambiri fakitale ndi fakitale, ndipo oda yaikulu ikani chilimwe kapena September, ikafika January mashopu amakhala atauma.

Wowerenga wanu,
South Bend, Indiana