Kwa mwana wanga amene akuwerenga Catch-22

Wokondedwa mwananga,

Kuno tonse tili bwino, amako akupereka moni. Ndinakondwa kumva pa foni kuti buku ndinakuikira m'chikwama lija wayamba kuliwerenga, ndiponso kuti ukumaseka wekha m'minibasi mpaka anthu kukucheukira. Seka ndithu, inenso ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Joseph Heller analitulutsa mu 1961, ndipo sankalemba za m'maluwa. Mwini wakeyo anali woponya mabomba m'ndege za asilikali a America, ndipo mu 1944 anauluka maulendo 60 ankhondo kuchokera pachilumba cha Corsica. N'chifukwa chake mantha a Yossarian, msilikali woponya mabomba amene ndi mwini nkhani m'bukuli, amamveka enieni, ngakhale pa lamulo loseketsa lija amamufotokozera dokotala Daneeka, loti wamisala akhoza kusiya kuuluka bola apemphe, koma akangopempha ndiye kuti mutu wake ukuyenda bwino, abwerere m'ndege.

Amene ndikufuna umuyang'anitsitse ndi Colonel Cathcart, mkulu wa gulu la asilikali la Yossarian, makamaka pano pamene akukweza pantchito ndipo uli ndi anthu okuyang'ana iwe. Anyamata ake akatsala pang'ono kukwanitsa maulendo oti azipita kwawo, iye amawonjezera ena, n'cholinga choti akuluakulu amutame n'kumukweza udindo. Ine ndimaona kuti sadana nawo anyamatawo, kungoti sawaona n'komwe, maso ake ali kumwamba. Ndinagwirapo ntchito pansi pa bwana wotere. Tikamaliza zomwe watipatsa ankati tidzapuma mwezi wamawa, mwezi wamawawo osafika, mpaka ana athu ankagona tisanafike pakhomo. Iwe ukalonjeza munthu tchuthi um'patse, ngakhale lipoti lako lichedwe.

Wati bukuli likukusokoneza poti nkhani ikupita kutsogolo n'kubwereranso m'mbuyo. Usalisiye. Heller amachitira dala kubwerezabwereza za Snowden, mnyamata amene anavulala m'ndege pamwamba pa mzinda wa Avignon ku France ndipo ankangodandaula kuti akuzizidwa. Amakupatsa nkhaniyo pang'onopang'ono, yonse n'kudzaiulula chakumapeto. Sindikuuza zomwe Yossarian anapeza atamasula chovala cha mnyamatayo. Ine nditafika pamenepo ndinatseka buku n'kukhala duu pakhonde, mpaka amako anachita kudzandiitana kuti nsima yapola.

Ukafika pa mutu umenewo undiimbire, ngakhale utakhala usiku. Bukulo udzabwere nalo pa Khirisimasi, mlongo wako wakhala akulifunsa.

Ndine bambo ako.