Usalembe pa CV zimene sunachite

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti ukudzuka bwino kumeneko. Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pa foni umafulumira kunena kuti "ndamva, bambo" ndisanamalize n'komwe kulankhula, pamene nkhani iyi ndikufuna uiwerenge mofatsa, kawiri ngati n'kotheka.

Azakhali ako atiuza kuti mnzako uja ukukhala naye ku Area 25 wakulangiza kuti ulembe pa CV yako kuti unagwirapo ntchito zaka ziwiri pa kampani ina ya makompyuta, ndipo akuti ali ndi munthu amene angakudindire kalata ya umboni. Atiuzanso kuti pali wina amene akufuna umutumizire ndalama pa Mpamba kuti dzina lako liikidwe m'gulu la oitanidwa ku intavyu. Amayi ako sanadye nsima tsiku limenelo. Ine ndinakwiya, ndipo mpaka pano mtima sunatsike, chifukwa sitinagulitse mbuzi ndi mtedza kulipira dipuloma yako ku NACIT, koleji ya zamakompyuta ija, kuti pomaliza ukalowe ntchito ndi pepala labodza.

Ndikudziwa chimene chikukupweteka. Ukatsegula The Nation kapena The Daily Times, pafupifupi malo alionse a ntchito akufuna munthu amene wagwirapo kale zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo iwe umafunsa kuti zakazo uzipeza kuti ngati palibe amene akukulola kuyamba. Funso limenelo ndi lomveka ndipo sindikulipeputsa. Koma yankho la mnzakoyo ndi loipa, makamaka pa ntchito imene iwe wasankha.

Ndinacheza ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kalekale, yemwe tsopano amayang'anira makompyuta pa ofesi ina ku Blantyre, ndipo sindinatchule dzina lako. Anandiuza kuti pa ntchito yanuyi bodza silichedwa kuululika, chifukwa pa intavyu amakukhazika pa kompyuta yofa n'kukuuza kuti upeze vuto, kapena amakupatsa waya wa netiweki kuti umange mutu wake iwo akuyang'ana manja ako. Wongoyamba kumene akalakwitsa amamumvetsa, koma amene walemba kuti wagwira zaka ziwiri akalephera zomwezo, amadziwiratu kuti ndi wonama, ndipo amaimbanso foni ku kampani imene watchulayo. Anandikumbutsanso kuti munthu wa IT, woyang'anira makompyuta a pa ofesi, amasunga mapasiwedi a anzake, amatha kuona makalata a bwana ndi malipiro a aliyense, kotero chimene olemba ntchito amayang'ana poyamba ndi kukhulupirika. Amene wanama polowa pakhomo, ndani angamupatse makiyi a nyumba yonse? Usaiwalenso kuti kupereka chikalata chachinyengo ndi mlandu wopita nawo kukhoti, ndipo tsiku limenelo mnzakoyo sudzamuona.

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti ukufuna kubwereka mbiri yabodza pamene uli ndi yako yeniyeni. Ndani anadzutsa makompyuta a pasukulu yathu aja, amene anakhala chaka chathunthu atafunditsidwa nsalu, n'kuikamo Windows mwatsopano? Ndani anakonza printa ya ku tchalitchi ndi kuphunzitsa mlembi wa mpingo kulemba chopereka pa pologalamu yowerengera ndalama ya Excel? Ndikukumbukira uli mu Sitandade 6 unamasula wailesi yanga yonse pa mkeka, ine ndikufuna kumvera nkhani za madzulo, ndipo ndinakukalipira kwambiri, koma pofika m'mawa inali ikulankhula. Zimene unachita kusukulu ndi ku tchalitchi uzilembe momwe zinachitikira: makompyuta angati, vuto linali chiyani, unalithetsa bwanji. Aphunzitsi aakulu andilonjeza kale kuti akulembera kalata ya umboni yokhala ndi chidindo chenicheni, ndipo abusa nawonso sangakane.

Za ndalama ija, usatumize ngakhale tambala imodzi. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa munthu kuti amuitane ku intavyu. Ukatumiza, mawa nambalayo idzakhala yozima, ndipo ngati munthuyo alidi mkati mwa ofesi, ndiye kuti wapereka chiphuphu, ndipo adzakugwira pakhosi masiku onse amene udzagwire ntchito pamenepo. Ndikubwereza, usatumize.

Khomo loyamba ndi laling'ono, ulilandire momwemo. Boma lili ndi pologalamu ya intenishipu, yophunzirira ntchito uku ukugwira, ya achinyamata omaliza maphunziro kudzera ku unduna wa zantchito. Kafunse ngati pepala lako likuloledwa, ndipo akalengeza usachedwe kulembetsa. Uzipita ku mHub komweko ku Lilongwe, kumene achinyamata a zamakompyuta amakumana, ukadziwane ndi anthu amene akugwiradi ntchito, osati ongolonjeza. Lemba makalata opempha kuphunzira ntchito ku masukulu, zipatala za mishoni ndi mabungwe ang'onoang'ono, ukapereke ndi manja ako utavala bwino. Akakupatsa ntchito yoyankha madandaulo a anthu amene aiwala pasiwedi, yokwawa pansi pa matebulo kulumikiza mawaya, kapena yonyamula makompyuta kuchoka ofesi ina kupita ina, usaione ngati yonyozeka, pakuti miyezi 6 ya ntchito yotereyi idzakupatsa zolemba pa CV zimene ungaziteteze pamaso pa aliyense. Mnyamata wa ku Blantyre uja anatchulanso mayeso a CompTIA A+ (a kukonza makompyuta) ndi a CCNA (a netiweki), kuti amathandiza wongoyamba kumene. Ufufuze mtengo wake undiuze; tikagulitsa soya tidzaona pamene tingafike, chifukwa ndalama yolipira mayeso sindiiumira.

Mnzakoyo sindikumuda, ndipo ndikudziwa kuti anakulandira pamene unalibe pogona. Umuthokoze pa zimenezo, koma pa nkhani ya mapepala ako asakhudzepo. Ngati kukana kungakuvute chifukwa ukudya m'mbale mwake, azakhali ako avomera kuti ukakhale kwawo ku Kawale mpaka utapeza poyambira.

Amayi ako akutumiza ufa ndi nyemba Lachisanu. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndidzaimba, ndipo ndikufuna udzandiwerengere CV yako yonse, mzere ndi mzere.

Ndine bambo ako okukonda.