Linga la ku Osaka landikumbutsa Linga lathu

Akonzi,

Mwezi watha mwana wanga, amene akuphunzira ku Japan, ananditengera ku Osaka Castle, linga limene mtsogoleri wankhondo wa dzikolo, Toyotomi Hideyoshi, anayamba kumanga mu 1583. Nsanja yake inamangidwanso mu 1931, ndipo m'kati mwake asungamo malupanga, zovala zankhondo za asamurai (ankhondo akale a ku Japan) ndi makalata akale. Ana asukulu anali piringupiringu, akufunsa mafunso. Mtima unandiwawa.

Kuno ku Nkhotakota tili ndi mkuyu umene David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe, mfumu yochita malonda a akapolo, komanso gombe limene akapolo ankakwerera zombo. Adzukulu anga amangodutsapo, sadziwa kanthu. Mafumu athu ndi aphunzitsi anzanga, chonde tipeze kanyumba kosungiramo mbiri imeneyi agogo oidziwa asanathe. Ine njerwa ndiumba nawo.

Mphunzitsi wopuma,
Linga, Nkhotakota